A Dokotala a Udzu ndi Dzuwa la Pamwamba pa Phiri

Malemu A Dokotala a Udzu, monga tonse tinazolowera kuwatchula, anabadwa m'chaka cha 1954 m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa positi ofesi, m'tauni yathu yomwe ino ya m'tsinde mwa phiri. Mayi athuwa anali achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo ankasankha makalata papositipo, pomwe mayi awo ankachapa nsalu za odwala kuchipatala. Malemuwa anabadwa ndi khungu lachialubino. Mayi awo, poti kuchipatalako anali ataonako zilonda zimene dzuwa limasiya pa khungu lotere, anaika lamulo limodzi m'nyumbamo, ndipo linali losakambirana: dzuwa likangokwera, mwana ameneyu asapezeke panja.

Choncho abale awo akathamangira kumasewera, iwo ankatsala pawindo la pabalaza, chibwano chili pamkono. Kunja kwa windolo kunali chitini chakale cha penti chimene mayi awo anadzalamo duwa lofiira. Duwalo linkaswera padzuwa tsiku lonse koma osapsa, pomwe iwo akangozemba pang'ono kukaona anzawo akudumpha chingwe, madzulo ankalira, khosi ndi makutu zili psuu. Tsiku lina anafunsa mayi awo kuti n'chifukwa chiyani duwa silipsa, chikhalirecho lilibe chipewa ndipo silingathawire pamthunzi. Mayiwo anali atatopa ndi zochapa za tsikulo, ndiye anangoyankha mwachidule kuti, "Ine sukulu sindinapite nayo patali. Upite iweyo, ukakamva udzandiuze." Mwana wina akanaiwala pofika mawa lake, koma iwo sanaiwale.

Sukulu ya pulayimale anayambira m'tauni momwe muno, ndipo sinali yophweka. Maso awo sankaona patali, moti desiki lawo linkakokeredwa kutsogolo mpaka kutsala pang'ono kugunda bolodi, ndipo ankaweruka atayera ndi fumbi la choko. Iwo eni ankaseka pokumbukira zimenezi, ati mwayi wake chokocho sichinkaoneka kwenikweni pa iwo. Panali ana ena amene ankawatcha mayina achipongwe, ndipo achimwene awo aakulu anabwerako kunyumba kangapo malaya atang'ambika chifukwa cha mayina omwewo. Atafika kusekondale, mphunzitsi wa sayansi anawapatsa kagalasi kokuzira zilembo kuti aziwerengera mabuku. Mabuku anawerenga ndithu, koma posakhalitsa kagalasiko kanayamba kutera pa masamba a mitengo ya pasukulupo. Apo ndi pomwe anaona koyamba kuti tsamba lokulira padzuwa limakhala lokhuthala ndi lolimba kuposa la pamthunzi, ngakhale onse ali pa mtengo umodzi.

Anakhoza bwino mayeso ndipo anasankhidwa kupita kuyunivesite. Bambo awo ankafuna kuti aphunzire ntchito ya muofesi, yokhala pansi pa denga kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Atamva kuti mwana wawo wasankha sayansi ya zomera, chakudya chinasiya kuwakomera, n'kumadandaula kwa anzawo papositi kuti mwa ana awo onse, amene sagwirizana ndi dzuwa ndiye wasankha kukakhala kutchire. Komabe tsiku lonyamuka, anali iwo omwewo amene anasenza sutikesi mpaka kudepoti, akuuza aliyense wokumana naye panjira komwe mwanayo akupita.

Pokonzekera ulendo woyamba wa kutchire ndi ophunzira anzawo, malemu anafuna malaya a manja aatali ndi kolala yofika m'makutu, zimene m'sitolo munalibe. Analowa m'shopu ya telala wina pafupi ndi depoti ya mabasi, kachipinda kokhala ndi makina amodzi opalasa ndi mwendo, galasi long'aluka pakona, ndi zidutswa za nsalu zili mbwee pansi. Telalayo, munthu wosalankhula zambiri, atamva chimene chinkafunika, anatsitsa nsalu zonse pashelefu n'kumaziyang'ana imodziimodzi moloza pakhomo, kufuna yosalola kuwala kudutsa. Malemu ankanena kuti anthu ambiri pa moyo wawo anawamverapo chisoni, koma uyu anali woyamba kungotenga vuto lawo ngati ntchito yofunika kuigwira bwino. Malayawo anatenga nthawi kuti athe. Lero batani lasowa, mawa mpendero sunathe, mkuja kolala yakhota. Patapita zaka, a Telala anaulula kuti ankachitira dala kuti kasitomala wawo azibwerabwera. Malemu anawayankha kuti ankadziwa kalekale, popeza munthu woyenda ndi galasi lokuzira zinthu sangalephere kuona pamene batani ladulidwa ndi sizasi.

Malemu ndi a Telala anamanga banja m'chaka cha 1979. Achibale ena a kuchimuna anali ndi zonena zawo, koma amayi awo a Telala anawatseka pakamwa onsewo, ati wokwatira ndi mwana wawo, ndipo mwana wawoyo nsalu yabwino amaidziwa. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Mwayi wokapitiriza maphunziro kunja utapezeka, ana awiri oyamba anali adakali aang'ono, ndipo malemu anatsala pang'ono kuukana. A Telala ndi amene anawakakamiza kuti apite. Anawo anakulira pansi pa tebulo lodulira nsalu, akuseweretsa timatayala ta ulusi, mpaka mayi awo anabwerako ndi digiri ya udokotala.

Dzina limene tikuwatchula nali linayambira pamenepo. Apongozi awo aakazi aja atamva kuti mpongozi wawo wabwerako ali dokotala, analawirira ndi bondo lawo lotupa, n'kulitambasula pampando kuti lionedwe. Malemu anafotokoza mwaulemu kuti udokotala wawo ndi wa zomera, makamaka tizitsamba ndi udzu wa m'mapiri. Apongoziwo anaphimba bondo lija n'kunena kuti, "Zaka zonsezi mwana wanga akuphika yekha, kani inu munkakaphunzira kuchiza udzu?" Onse m'nyumbamo anafa nalo phwete, malemu omwe. Dzinalo linakanirira, linafika kutchalitchi, linafika kuntchito, mpaka zidzukulu zina zinakula zikuyesa kuti ndi limene anabatizidwa nalo. Bondo lija anapita nalo kuchipatala ndi malemu omwewo.

Ambiri a ife tinkangomva kuti malemu amafufuza za DNA, osadziwa kuti n'chiyani. Iwo ankatifotokozera motengera ntchito ya amuna awo. Ankati thupi la chamoyo chilichonse, kaya munthu kaya udzu, linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'selo muli malangizo a kapangidwe ka chamoyocho, ngati patani imene telala amadulira nsalu. Malangizo amenewo ndiye DNA. Patani ikang'ambika kapena kukwinyika, zovala zonse zodulidwa pambuyo pake zimatuluka zokhota. Tsono m'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso, chimene akatswiri amachitcha UV. Cheza chimenechi chikalowa m'selo chimamatiza tizigawo toyandikana ta DNA, malangizo aja n'kusokonekera. Ndicho chinkawawotcha khosi ali mwana. Ndipo munthu akamakwera phiri, mpweya womutchinga umanka nuchepa, chezacho n'kumakula mphamvu. Funso la malemu linali lakuti, nanga zomera za pamwamba penipeni, zimene zimalandira cheza chochuluka chotere moyo wawo wonse, zimapulumuka bwanji?

Atayamba ntchito pa malo a kafukufuku wa zomera amene ali kumapeto kwa msewu wa kuphiri, mkulu wa pamalopo anawapatsa ofesi yabwino ya makatani okhuthala, n'kuwauza kuti masamba azikawatengera ndi anzawo, iwo azingodikira mu labotale. Sanachite izi mwankhanza ayi, ankangoopa kuti angadzayankhe mlandu. Malemu anapirira kwa miyezi ingapo, koma masamba ankafika atafota, ena atathotholedwa pamthunzi wa mwala, ndipo zotsatira zinkangotsutsana. Tsiku lina analowa mu ofesi ya mkuluyo atavala kale zokwerera phiri, nati, "Bwana, dzuwa ndinayamba kulimbana nalo ndisanadziwe kulemba dzina langa. Pano palibe amene amaliopa kuposa ine, ndiye palibenso amene angasamale nalo kuposa ine." Mkuluyo anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kuwaitanira dalaivala.

Amene anakwera nawo phirili akukumbukira maonekedwe awo: chipewa chakhonde chokhala ndi nsalu yolendewera kukhosi, magalasi akuda, magolovesi, nkhope itapakidwa mafuta oteteza khungu. Anzawo ankati akuoneka ngati akupita kokafula njuchi. Chipewacho, malaya, pamodzi ndi katenti ka nsalu yokhuthala kamene ankabisalamo, zonse zinatuluka m'shopu ya a Telala. Pamwambapo palibe mtengo woti n'kuthawirapo. Pali miyala, mphepo, ndi tizomera tokakamira pansi. Pakati pa tizomerato anasankha kachitsamba kena kamene kamapezekanso kuchigwa. Kuchigwako kamakula mpaka m'chiuno, masamba ake obiriwira ndi osalala, koma pamwamba sikapitirira akakolo, masamba ake ofiirira, aubweya, okutidwa ndi kaphula. Malemu anakatcha Kaliuma. Ankathothola masamba ake m'mawa, masana dzuwa lili paliwombo, ndi madzulo, n'kuwaponya msanga m'fulasiki yozizira kwambiri, yofuka nthunzi yoyera, kuti akafike ku labotale ali momwe analili pa tsinde.

Labotaleyo inali chipinda chachitali cha matebulo oyera ndi mafiriji ong'ung'udza usana wonse. Mmenemo masamba ankasinjidwa m'kamtondo kozizira mpaka kusanduka ufa, ndipo atadutsa m'timachubu tambirimbiri, DNA inkaonekera ngati timizere towala m'kabokosi kamdima. Nyale ya m'kabokosiko inali ya cheza chomwe chija cha UV, moti malemu ankavala chotchinga kumaso asanayandikire, akudandaula moseka kuti dzuwa lawatsatira mpaka m'nyumba. Chifukwa cha maso awo, timizereto ankatijambula n'kukuza chithunzi chake, kenako n'kuwerama pamenepo mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala. Ophunzira awo amati anali ofatsa pa zambiri, koma chubu chopanda dzina sankachilekerera. Ankachinyamula m'mwamba n'kufunsa modekha kuti mwana wamasiyeyu ndi wa ndani.

Ntchitoyi inatenga zaka, ndipo yankho linabwera pang'onopang'ono. Anapeza kuti ubweya, phula ndi mtundu wofiirira uja zimatchinga gawo lalikulu la cheza. Koma chimene chinawasangalatsa kwambiri chinali china. Masamba a masana ankaonetsa kuti DNA yawonongeka ndithu, malo ambiri. Masamba a madzulo a chitsamba chomwecho ankaonetsa kuti ambiri mwa malo aja akonzeka. Akatswiri anali atadziwa kale kuti zomera zili ndi kanthu kena m'maselo kamene kamamatula DNA pamene yamatana, ndiponso kuti kanthuko kamatenga mphamvu ku kuwala wamba kwa dzuwa lomwelo. Chimene malemu anaonetsa n'chakuti Kaliuma wa pamwamba amakonza msanga kuposa mbale wake wa kuchigwa, ndipo ana ake amabadwa nalo luso limenelo ngakhale atameretsedwa pansi pano m'nyumba yagalasi.

Zimenezi zitatsimikizika, asanazitumize kulikonse, anapita kwa mayi awo, amene pa nthawiyo anali atakalamba ndipo ankakhala kwa chitsiriza wawo. Anakhala nawo pansi n'kuwafotokozera zonse. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye kuti duwa langa lija linkapsa ndithu, kungoti linkadzisoka lokha?" Malemu anavomera. Mayiwo anafunsanso ngati zodzisokerazo sizingabwerekedwe kwa udzu n'kupatsidwa kwa mwana wawo. Malemu anaseka, n'kuwauza kuti anthufe tili ndi njira zathu zokonzera, koma iyi ya kuwala sitinapatsidwe. Mayiwo anangoti Mulungu amadziwa kagawidwe kake, n'kuwawonjezera tiyi.

Kunyumba ntchito sinkatsala pakhomo. Ana awo akukumbukira kuti ulendo wa kugolosale ndi mayi awo unali wosatha, chifukwa ankaima pa kaudzu kalikonse komera m'ming'alu ya msewu. Shelefu yapamwamba ya firiji ya kukhitchini inali ya njere, zosungidwa m'timabotolo, ndipo tsiku lina a Telala, pofuna kukometsa ndiwo, anatsanulira mumphika botolo lonse akuyesa zonunkhiritsa. Ndiwozo zinawawa, agalu omwe anazikana, ndipo kafukufuku wina anachedwa ndi chaka. Malemu sanakalipe. Anangolemba pachitseko cha firiji ndi zilembo zikuluzikulu kuti shelefu yapamwamba si ya ophika.

Atapitiriza kufufuza, anaona kuti dzuwa lokha silinkamugonjetsa Kaliuma. Zinkavuta mavuto akaunjikana. Kukagwa chisanu, kapena mvula ikachedwa nthaka n'kuuma gwa, ntchito yokonza ija inkayenda pang'onopang'ono, moti masamba ankalowa tsiku lotsatira zowonongeka za dzulo zisanathe kukonzedwa. Zaka za chilala, njere zambiri zinkalephera kumera. Malemu analemba zimenezi m'magazini a akatswiri, ndipo anayamba kuitanidwa kumisonkhano m'mayiko ena. Kuno kwathu ambiri tinkangoti ndi nkhani za anthu ophunzira, mpaka chinafika chaka cha moto.

Ambiri muli pano mukukumbukira chaka chimene moto unapsereza kumtunda konse kwa phiri pambuyo pa chilala. Mvula yoyamba itagwa, dothi linakokolokera m'damu, ndipo m'mipopi yathu munkatuluka madzi amatope. Akuluakulu oona za nkhalango ndi madzi anagwirizana zodzala msanga pamwambapo kuti nthaka igwire, ndipo m'nazale anali ndi mbande zambirimbiri za Kaliuma wa kuchigwa, zokonzeka kale. Pa msonkhano, malemu anaimirira n'kunena kuti dzina la chomeracho ndi limodzi ndithu, koma mbande za kuchigwa sizingapirire cheza, chisanu ndi kuuma kwa pamwamba zikabwera pamodzi. Anapempha kuti patoledwe njere za zitsamba zimene zinapulumuka m'ming'alu ya miyala, ngakhale kutero kukanachedwetsa ntchito. Anthu anali atatopa ndi madzi amatope ndipo sanafune kumva za kudikira. Pomaliza anawapatsa kachigawo kamodzi ka phirilo kuti ayeserepo zawozo, kwina konseko kudzalidwe za m'nazale.

Nthawi imeneyi inali yovutanso m'banja. Malemu anali atangochotsedwa kumene kachilonda koyamba pakhutu, ndipo madokotala, a anthu osati a udzu, anawachenjeza kuti achepetse dzuwa. Mwana wawo woyamba, amene anali atangoyamba unamwino, anawapempha kuti asakwerenso. Atakana, iye anabisa nsapato zawo zokwerera phiri. M'mawa mwake malemu anapita ndi nsapato za amuna awo, atavala masokosi awiriawiri. Mayi ndi mwana anatha nyengo yonse yotola njere akungopatsana moni basi. A Telala, amene anapanikizika pakati, ndi amene anawakhazika pansi. Pamenepo mwanayo anauza mayi ake kuti: "Amayi, udzu uli ndi madokotala ena. Ife amayi tili ndi amodzi." Anagwirizana kuti malemu azikwerabe, koma dzuwa likafika pamutu azikhala mu tenti, masamba a masana azithothola ndi ophunzira awo. Pangano limeneli analisunga mpaka kupuma ntchito, ngakhale ophunzirawo amati malangizo ankatuluka mu tentimo osalekeza.

Chaka choyamba chinawachititsa manyazi. Mvula inagwa bwino, mbande za kuchigwa zinakula msanga, phiri linabiriwira, pomwe kachigawo ka malemu kankaoneka ngati dazi pamutu, tizitsamba take ting'onoting'ono tofiirira tili patalipatali. Panali ena amene ankawafunsa mwachipongwe pamsika kuti odwala awo kumtunda kuja akupeza bwanji. Kunyumba sanadandaule, koma a Telala akuti kwa miyezi ingapo anasiya kuimba potsuka mbale. Malemu anauza ophunzira awo kuti ngati olakwa ndi iwo, adzaimirira pa msonkhano ngati womwe uja n'kunena poyera, popeza chofunika ndi madzi a anthu, osati dzina lawo.

Chaka chotsatira kunazizira kwambiri, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, ndipo mvula inachedwa. Mbande za kuchigwa zinayamba kuchita chikasu, masamba kupiringizika, ndipo pofika nthawi ya mvula zambiri zinali zitauma. Kachigawo ka malemu kanali chiimire, mizu itagwira dothi. Akuluakulu aja anabwera okha kudzapempha njere, ndipo malemu sanawakumbutse kalikonse. Anangowafunsa ngati ali ndi anthu okwanira otola. Madzi amene timamwa lero amatsika pa phiri lodzalidwa ndi njere zimenezo.

Koma nkhani imene iwo eni ankakonda kukamba si ya kupambanako. Pakati pa mbande za kuchigwa panali zochepa zimene sizinafe, ngakhale iwo anali atanena kuti sizingapirire, ndipo ana a zimenezo anamera ofiirira ndi olimbirapo kuposa makolo awo. Tsiku limene anatiuza zimenezi nkhope yawo inali ngati ya munthu wopatsidwa mphatso. Zaka zawo zomaliza pa ntchito anazithera pofufuza ngati zopulumukazo zinali zolimba kale chibadwire, kapena ngati mavuto amene chomera chakumana nawo amasiya chizindikiro pa DNA chimene ana amatengera. Funso limenelo sanalimalize. Alisiyira ophunzira awo, amene ena mwa iwo lero ndi madokotala a udzu nawonso.

Anapuma ntchito m'chaka cha 2014. Pa phwando lotsanzikana m'holo ya kuntchito, anthu anadabwa kuwaona atavala diresi la manja aafupi, la maluwa achikasu, loyamba pa moyo wawo wonse. A Telala anali atalisoka mobisa. Analivala m'holomo mokha, potuluka anaponya jekete pamwamba. Polankhula, anauza anthu kuti mwa zovala zawo zonse, ili lokha ndi limene amuna awo anasoka poganizira kukongola. A Telala, amene sitinawamvepo akutsutsa pagulu, anakweza dzanja n'kunena kuti pa zonse zija ankaganizira kukongola.

Malemu anabatizidwa ali akhanda mu mpingo uno, ndipo sanasunthemo. Ankaimba mawu achiwiri mu kwaya ya amayi, buku la nyimbo lili pafupi ndi mphuno ngakhale nyimbo zonse ankazidziwa pamtima. Anatumikira zaka zambiri m'gulu loyendera odwala, ndipo ndi iwo anavutitsa akuluakulu a mpingo mpaka ana a Sande sukulu anamangiridwa shedi. Atapuma ntchito, iwo ndi a Telala anayamba kuyendera mabanja okhala ndi ana achialubino, atanyamula zipewa zakhonde ndi mafuta oteteza khungu. Ankauza makolo kuti mwana avale mokwanira, apite kusukulu, akakhale kutsogolo, ndipo chilonda chikaoneka asachidikire. Sankalola kuti kholo litsekere mwana m'nyumba chifukwa cha mantha. Ena mwa ana amenewo tikuwaona pakati pathu lero, ena akula mpaka kutipitirira msinkhu.

Matenda amene awatenga ndi khansa ya pakhungu. Kwa zaka zambiri ankapita kuchipatala kukaonetsa khungu, ndipo kachilonda kalikonse kokayikitsa kankachotsedwa msanga. Chaka chatha kanatuluka kena kuseri kwa khutu, kamene kanali katalowa kale m'kati. Analandira chithandizo chonse chimene chinalipo, ndipo zitadziwika kuti sichikuthandizanso, anapempha kuti abwerere kunyumba. Mwana wawo woyamba, tsopano namwino wamkulu, anatenga tchuthi n'kuwasamalira mpaka tsiku lomaliza. Tsiku lina akuwatsuka bala, anawafunsa ngati sakunong'oneza bondo kuti anasankha ntchito ya padzuwa. Malemu anayankha kuti anzawo ambiri a khungu ngati lawo anapita adakali achinyamata, pomwe iwo afika zaka makumi asanu ndi awiri, aona zidzukulu, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka mtima uli kuntchito. "Ndakhuta, mwana wanga," anatero. "Usandilire ngati munthu woberedwa."

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, ali m'chipinda chawo, a Telala atawagwira dzanja. Izi zisanachitike, anaitana ana awo onse n'kupereka malangizo a tsiku lalero, ndipo sanali ambiri. Anati mthunzi ukhale wokwanira aliyense, osati akuluakulu okha. Anati okumba manda asaiwalidwe pa madzi akumwa. Ndipo anati wowerenga mbiri asatalikitse, chifukwa iwo sakufuna kuti munthu apse ndi dzuwa pa chifukwa cha iwo. Pa ziwiri zoyambazo tayesetsa. Pa chachitatuchi tapyola kale malire, ndipo amene tinkawadziwa tikudziwa kuti pofika pano akanakhala atayamba kutsokomola mwadala kumbuyoko. Choncho tilekere pomwepa.

Malemu asiya amuna awo, a Telala, amene akhala nawo m'banja zaka makumi anayi ndi zisanu, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, apongozi atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, achimwene awo aakulu ndi mng'ono wawo mmodzi, komanso ophunzira ambiri amene ankawatchanso amayi.

Ntchito yawo aigwira, ndipo aigwira bwino. Mayi athu, A Dokotala a Udzu, apumule mu mtendere wa Ambuye.